Dzina pa Pulasitiki

Chaka chimenecho tinalibe nkhope.
Tinangotsala maso
kuseri kwa galasi lochita nthunzi,
ndipo ine ndinkalemba pachifuwa ndi inki yakuda,
ESINATI,
kuti wodwala adziwe kuti m'thumba la pulasitikili muli munthu.

Basi ya Zupco inkanditenga ku Mufakose kusanache.
Wapolisi wa pamsewu ankawerenga kalata yanga atatambasula mkono
ngati pepalalo lingamutsokomolere.

Kusukulu ya unamwino anati dzanja ndiye mankhwala oyamba:
gwira pamphumi, khala pansi, mvetsera.
Tsopano dzanja linali m'magolovesi awiri
ndipo kukhala pansi kunali kuba mphindi za wina.
Ndinazolowera kuwerenga kanambala ka pachala
ndisanaone mwini chalacho.
Silinda imodzi ya mpweya, zifuwa zitatu.
Samu imeneyo sitinaiphunzire.

Pabedi la pakona ku Wilkins panagona a Fulaide Mtambalika,
khukhi wopuma ntchito wa m'mayadi a ku Avondale.
Anafika kuno wapansi, mzinda uno ukadali ndi dzina lina.
Anafunsira mbeta m'Chishona,
kukongola ndalama m'Chishona,
kukalipira ana m'Chishona.
Koma usiku wachinayi, thupi litatentha ngati simbi,
Chishona chinanyamula katundu wake n'kutuluka.
Dokotala Mushonga analemba pafayilo: mutu wasokonezeka.
Ine ndinawerama.
Sunasokonezeke.
Ankangofunsa ngati kachewere wa ku Bembeke wakumbidwa.

"Wakumbidwa, bambo."
Chilankhulo chimene ndinkachibisa kusukulu
poopa kutchedwa mubhurandaya
chinatulukira m'masiki chokha, chisanandipemphe.
Anandigwira golovesi.
"Iwe ndiwe wa kwa yani?"
"Mdzukulu wa a Nachisale."
"Nanga wachedwa kuti?"

Mwana wawo Rumbidzai anaimba foni.
Ndinaikulunga m'kajumbo n'kuigwirizira pakhutu pawo.
Iye akulira m'Chishona, bambo akuyankha m'Chichewa,
ine pakati, kuwolotsa mawu otsiriza a eni ake.
"Akuti chiyani, Sisita?"
"Akuti mutsekere nkhuku, kunja kwada."
Sindinawonjezepo kanthu. Ankanenadi zimenezo.

Anatsikira kulichete cha m'ma folo koloko.
Palibe anawasambitsa.
Tinawakulunga kawiri, kupopera mankhwala, kumata.
Ndinamva kuti kumanda kunali anthu owerengeka pazala,
ng'oma sinalire, zilombo sizinatuluke,
munthu woti anavinira maliro a anzake zaka zonsezo.
Pofika sikisi koloko bedi lija linali ndi mwini wina.

M'chipinda chathu cha tiyi kapu ya Sisita Marufu
inakhala pashelefu miyezi inayi, chogwirira chili chobenthuka.
Tinkaitsuka ndi zinzake, osamwera.
Atatu anakwera ndege kukasamala nkhalamba za kunja.
Sindiwanena.
Malipiro anga ankathera pa mafuta ophikira ndi buledi.

Kunyumba ndinkavulira kuseri, pafupi ndi mpanda,
kusamba m'ndowa m'chisanu cha Julaye,
Takondwa ataima pawindo, zikhatho pagalasi,
akuwerenga mpaka handiredi monga tinapanganirana.
Ankabera. Ankalumpha ma sevente onse.
Pamjigo amayi ankandipatukira kuti nditunge msanga,
ndipo poyamba ndinkayesa ulemu.

Lero mamasiki akupukutira nsapato.
Makombi abwerera, akudzaza anayianayi pampando,
wina akayetsemula anthu amangoseka.
Ine ndimapezeka ndikuwerenga mpweya wa amene ndakhala naye,
sikisitini, seventini pamphindi, ali bwino,
kufikira nditapitirira siteji yanga.

Sabata yatha ndinafunsa amayi kuti Bembeke ili kuti.
Anati sadziwa bwino, kufupi ndi Dedza kapena,
kozizira, ankatero agogo ako.
Kenako anafunsa kuti wandiuza ndani dzina limenelo.
Ndinati wodwala wina.
Anati, anachira?
Ndinadzuka kukatsekera nkhuku.